Duwa Lopotoka pa Khonde la Amayi a Cynthia

Kakumbi, Mfuwe
18 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Harriet,

Ndiye ndaima pakhonde paja, chikwama chikadali paphewa, fumbi la ku Chipata lili m'makutu, maso ali tong'o pakhoma. Iyayi, ndayambira pakati ngati woledzera. Muli bwanji ku Kitwe? Alamu ndi ana? Kuno tilipo, kungoti njovu zagwetsanso nkhokwe ya amalume Mathias.

Mukudziwa kuti pa matailosi, m'boma lonse la Mambwe mulibe wofika pa mlongo wanu. Pa loji ina azungu amalowa m'bafa lomwe ndinakonza ine n'kuiwala zokaona mikango. Ntchito itatha kumeneko, abwana anandipatsa matailosi otsala, aja opakidwa pamanja, oyera ndi abuluu. Amenewa ali ndi khalidwe lawo: limodzi palokha ndi mizere yopanda mutu, koma anayi akakumana pakona, duwa limatuluka.

Anzanga akafuna mkazi amakalimira apongozi. Ine ndinati khasu n'la anthu wamba. Ndinawamatira amayi a Cynthia khoma lonse la pakhonde, poti nanenso ndidzakhala pomwepo pachikamwini. Anthu ankapalasa njinga kuchokera ku eyapoti kudzajambulitsa, ngakhale anyani ankadutsa mwaulemu. Duwa lapakati ndinalisiya dala ndi matailosi atatu. Tailosi lachinayi ndinati ndidzamata tsiku la ukwati anthu akuona. Ndinalisungitsa kwa Ruben, sikauti woteteza nyama zakutchire uja tinkawedza naye tili ana, yemwenso ndinkamutuma kwa apongozi, poti mkamwini salankhula nawo maso ndi maso.

Kenako ntchito inandiitana ku Chipata, ndipo inatalika.

Tibwerere pakhonde paja. Mpata uja wadzaza, alongo! Tailosi langa lili pakhoma, koma lomatidwa chozondoka, duwa lapotoka ngati khosi la nkhuku yodwala chitopa. Ndisanatseke pakamwa, m'nyumbamo mwatuluka Ruben, wopanda malaya, kapu ya tiyi m'manja.

"Mwaswera bwanji, a Boston? Mwafika liti?"

"Wamata ichi ndani?"

"Ndine. Mpata uja unkasunga akangaude."

"Ndinakusungitsa, iwe, sindinakupatse!"

"Ee, koma inu foni zii dzinja lonse. Ine ndinkabwera kudzapepesa m'malo mwanu, mpaka mpando unandizolowera."

Apa ndiye panatuluka amayi a Cynthia. Mayi aja ankati akandiona panjira amapatukira m'tchire chifukwa cha ulemu, tsikulo anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso. Basi ndinadziwa kuti sindinenso mkamwini.

"A Boston, khoma ndi lokongola, tathokoza. Koma mwana wanga sangakwatiwe ndi khoma."

Cynthia anali pakhomo, akulira misozi yoti ikanadzaza mtsinje wa Lupande mwezi uno wa chilimwe.

Ndinatulutsa tchizulo ndi hamala kuti ndichotse zanga zonse. Koma simenti ya Boston mumaidziwa, ngakhale njovu itadzikanda pamenepo, chotupa ndi njovuyo. Ndinati chabwino, ndichotse lokhalo lozondoka ndilimate bwino, anthu asamati ndi dzanja langa. Nditaika tchizulo ndinaona kuti ndikamenya, atatu anga aja asweka nawo. Dzanja linakana. Ndinabweza zitsulo m'chikwama, Ruben akuti, "Tiyi alipo, a Boston."

Tsono alongo, chitenje chija munagula cha ukwati, asokereni ana madiresi. Amayi poti ali kwanuko, muwauze ndinu, pang'onopang'ono, atadya kale. Ine ndilibe vuto. Atsikana a Mfuwe atamva kuti ndamasuka akuchita kuima pamzere mpaka pa mlatho. Kungoti popita kuntchito ndikuzungulira njira yakudambo, yaitali ija, poti khondelo limaonekera pamsewu.

Moni kwa alamu, ndi ana onse muwapsompsone.

Ndine mlongo wanu,
Boston

Ndisanamate envulopu: zoti Cynthia analira zija ndawonjezera ndine. Sanalire. Anali ndi kansalu konyowa m'manja, ndipo nditachotsa tchizulo anapukuta pomwe ndinagwira.