Mawu a Ababa Afika ku Joni

Amayi anga,

Kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, kungoti mphepo ya Juni yatiyamba msanga chaka chino. M'mawa phiri silioneka ndi nkhungu mpaka dzuwa litakwera. Ababa akumavala juzi yanu yobiriwira ija, imene munkadandaula kuti imakulumani pakhosi. Nditawafunsa ngati sachita manyazi kuvala juzi ya akazi, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Ndiyambe ndi nkhani ya mwana. Kwa achimwene Yohane kunabadwa mtsikana mu Febuluwale, kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Felesiya. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akalira amamveka mpaka kumjigo. Chimanga chachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakudambo madzi anachuluka. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, takonza, ngakhale lakhala lopendekeka ngati chipewa cha munthu woledzera.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mtedza wanu wa chalimbana, ndi zimene wawachita Ababa.

Mukudziwa kuti Ababa anali munthu wosatha mawu. Zaka zonse zauphunzitsi zija zinawazoloweretsa kuti wina asamalize chiganizo iwo alipo. Titakuikani m'manda, zonsezo zinazima. Chaka chathunthu ankangokhala pakhonde, kuyankha moni basi. Wailesi sankatsegula. Kutchalitchi akawapempha kuti apemphere, ankapukusa mutu. Ine ndinkaopa, Amayi, chifukwa ndinkaona ngati ayamba kale ulendo wokutsatirani.

Nthawi yomweyo achimwene anayamba kunena zoti munda wanu wa mtedza tiubwereketse kwa bambo wina wolima fodya. Sindiwaimba mlandu. Ankati chalimbana amachedwa kukhwima, ndipo mavenda akabwera ndi masikelo awo amagula ngati akutola. Ndinawapempha kuti andipatse chaka chimodzi chokha. Ndinakazinga mtedza, n'kusinja chiponde monga munandiphunzitsira, kamchere pang'ono, popanda shuga kapena mafuta. Ndinathira m'mabotolo n'kumagulitsa kwa aphunzitsi anzanga kusukulu. Koma aphunzitsi asanu ndi atatu sangamalize munda.

Ndiye mng'ono wanga Esinati, amene akugwirabe ntchito ku Lilongwe, anati ndiike malondawo pa masamba a mchezo. Inu munachoka foni ikadali yoimbira ndi kumvera nyimbo za kwaya, choncho ndikufotokozereni. Kuli ngati msika, koma wa m'foni. Aliyense amayala zake, ena zithunzi za ukwati, ena nsapato, ena mkangano chabe, ndipo anthu amadutsa n'kumayang'ana. Nanenso ndinayala. Ndinajambula mabotolo pa mpando, pa chitenje, ngakhale pamwamba pa mtondo. Anthu ankangodina kachala koloza kumwamba kosonyeza kuti akonda, n'kudutsa. Miyezi iwiri inatha, amene anagula anali Esinati yekha, mwina chifukwa cha chisoni.

Esinati anandiuza mosabisa kuti m'masitolo a m'tauni mabotolo a chiponde ndi mbwee, ndipo palibe chifukwa choti munthu asankhe langa ngati sakudziwa kuti lachokera kwa yani. Anati ndiyambe podikasiti. Imeneyi ndi pulogalamu ngati ya pa wailesi, koma munthu umajambula wekha mawu pa foni, anthu n'kumamvera nthawi imene afuna, kaya akuchapa kaya ali mu minibasi. Ndinayesa ndekha kuchipinda. Nditamvetsera, mawu anga ankamveka ngati ndikulengeza maliro. Ndinafufuta.

Loweruka lina masana tinali pakhonde ndi Ababa, tikuswa mtedza wa mbewu. Ndinaika foni pa mpando kuti ndiyeserenso, ndipo ndinayamba kufotokoza kuti mtedza ukakumbidwa timauthothola tsiku lomwelo n'kuuyanika pansi.

"Wanama," anatero Ababa.

Ndinatembenuka. Maso anali akadali pa lichero, koma anapitiriza. Anati inu simunkathothola mtedza tsiku lokumba. Munkauunjika ndi masamba ake omwe kuti mphepo izidutsa, uume pang'onopang'ono. Atamaliza zimenezo anayamba za kasankhidwe kanu ka mbewu, kuti munkagwedeza khoko pakhutu musanaliswe. Kenako anafika pa nkhani yoti mbewu imeneyi munachoka nayo kwanu ku Mvera, mutaimanga pangodya ya chitenje, tsiku limene munabwera kuno pa chitengwa. Amayi, anayankhula pafupifupi theka la ola. Ine ndinkangoswa mtedza osakweza mutu, kuopa kuti ndikawayang'ana asiya. Misozi inkagwera m'lichero.

Atamaliza ndinawauza kuti foni inali ikujambula, ndipo ndinawapempha kuti anthu amve nawo. Anamvetsera kaye zonse atatseka maso. Chimene anadandaula nacho ndi tambala amene ankalira kumbuyo, ati anthu aziti pakhomo pano palibe mwambo. Koma anavomera. Ndinakwera pachulu chachikulu chija kuseri kwa tchalitchi, poti netiweki kuno imapezeka pamenepo pokha, n'kutumiza.

Zimene zinachitika sitinaziyembekezere. Oyamba kulemba anali ana amene Ababa anawaphunzitsa, anthu a imvi tsopano. Anazindikira mawu. Wina ku Kasungu anati atangomva "wanama" anaimirira osadziwa, ali mu ofesi. Wina wa ku Joni anati anamvetsera katatu m'chipinda chake chozizira, ndipo tambala uja ndi amene anamuliza, chifukwa papita zaka asanamve tambala wakumudzi. Ndinawawerengera Ababa uthengawo. Anati, basi tambalayo asaphedwe pa Khirisimasi.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse timajambula. Pulogalamuyi tinaitcha Pakhonde pa Aphunzitsi. Ababa amameta ndevu ndi kuvala tayi, ngakhale ndawauza kambirimbiri kuti anthu sawaona. Amakamba za ulimi, za mayina akale a mitsinje ya kuno, za mmene ankawolokera mapiri wapansi kuchoka ku Ntchisi kupita ku Boma la Dowa. Inuyo simusowa m'nkhani iliyonse. Ine ndimadula timagawo tatifupi tosangalatsa n'kuika pa masamba a mchezo pamodzi ndi chithunzi cha manja awo ali m'lichero, kuti wokopeka akamvere yonse. Chimodzi chokha amakana: kunena kuti gulani. Ati iwo ndi mphunzitsi, si venda. Ndiye kumapeto ndimalowa ine ndi mawu anga a maliro aja, n'kunena mmene munthu angapezere chiponde. Amayi anzanu awiri a kwaya amandithandiza kukazinga ndi kusinja, ndipo Lolemba makatoni amakwera minibasi ku Boma kupita kwa Esinati, amene amagawa kwa eni ake.

Munkakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Matope athu anabwera mu Meyi. Mtedza tinali titakumba, uli m'munda, mvula yosayembekezereka inagwa masiku atatu motsatizana. Pothothola tinapeza kuti wambiri wachita chuku. Apa n'kuti anthu ambiri ataitanitsa kale, kuphatikizapo mayi wina wa sitolo ku Lilongwe amene ankafuna makatoni angapo mwezi ndi mwezi. Ameneyo ndi amene ndinkadalira kuti achimwene asiye zoganiza za fodya.

Ndiulule, Amayi, poti kwa inu sindingabise. Ndinaganiza zoukazinga kwambiri mtedzawo kuti chuku asamveke. Ndinadziuza kuti ena onse amatero. Mawu anu aja oti mtedza umodzi woola umalavulitsa wabwino womwe ankandibwerera, koma ndinkawakankhira kumbali. Sindinauze Ababa. Ndinaiwala kuti munthu amene amaswa mtedza tsiku lililonse sangabisidwe chuku.

Loweruka litafika ndinaika foni pa mpando, ndikuganiza kuti akamba za njuchi monga tinapangana. Anakonza tayi n'kuyamba.

"Anthuni, mtedza wathu wanyowa ndipo wina wachita chuku. Chuku amawononga chiwindi, ndipo moto samupha. Mayi wa pakhomo pano akanakhala moyo sakanakudyetsani zimenezi, ifenso sitikudyetsani. Amene mwaitanitsa chiponde mudikire tisankhe. Chikachepa, chachepa."

Kenako anaphunzitsa mmene munthu angadziwire mtedza wa chuku, ngati ali m'kalasi, osandiyang'ana n'kamodzi komwe. Ndikanatha kudula gawo limenelo, foni imalola, ndipo iwo sakanadziwa. Ndinakhala pachulu paja nthawi yaitali, chala chili m'malere, mbuzi zikundiyang'ana. Potsiriza ndinatumiza yonse mmene inalili.

Mayi wa sitolo uja anayankha tsiku lomwelo kuti sangadikire, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Ena awiri atatu anadandaula. Koma ambiri analemba kuti adikira, ndipo alimi a kutali, ena a ku Mchinji, anayamba kutumiza mafunso a kayanikidwe ka mtedza, moti Ababa anakhala masabata awiri akuyankha. Tinasankha mtedzawo ndi manja, umodziumodzi, sabata yathunthu, mpaka misana inauma. Woipa tinakwirira, sitinapatse ngakhale nkhumba. Chiponde chachepadi chaka chino, koma chimene chilipo chili ndi eni ake kale. Achimwene sanatchulenso za fodya. Ndi iwo tsopano amene amanyamula makatoni pa njinga kupita ku Boma, ndipo ndawamva akudzitama kusiteji kuti mawu a bambo awo amamveka ku Joni.

Tsopano khalani bwino, Amayi, chifukwa nkhani yotsatirayi ikukukhudzani.

Masabata awiri apitawo Ababa anakamba pa pulogalamu mmene anakufunsirani. Anati anavutika chaka chathunthu akukuzungulirani ku Mvera, ali mphunzitsi wachinyamata, inu mukuwakana, mpaka anakugonjetsani ndi mawu okoma. Ifenso tinakula tikumva choncho, ndipo inu munkangomwetulira. Lachitatu lapitali kunabwera uthenga wa mawu kuchokera kwa mayi wina wachikulire, a Nachisale a ku Mvera. Mwana wawo ndi amene anawatsegulira pulogalamuyo. Anati munkakhala benchi limodzi kusukulu ndiponso munkaimba limodzi kwaya. Anati aphunzitsiwo asanamize dziko. Chaka chonsecho ankangodutsa pakhomo panu ndi buku m'khwapa, kupereka moni kwa nkhuku, osatsegula pakamwa. Amene analemba kalata yoyamba ndinu, ndipo iwo a Nachisale ndi amene anaipereka, ataibisa m'buku la nyimbo.

Ndinawatsegulira Ababa uthengawo tili awiri. Poyamba ndinadandaula kuti ndalakwa. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka, Amayi, kuseka kwenikweni kuja kofika pokhosomola, mpaka ndinawathamangira ndi madzi. Atapuma analowa m'nyumba. Ndinamva akukoka sutikesi yachitsulo ija pansi pa bedi. Anatuluka ndi kapepala kofiira ndi ukalamba, kong'ambika m'mapindo, n'kundipatsa. Zolemba zanu ndinazizindikira nthawi yomweyo.

"Aphunzitsi, aliyense akudziwa kuti njira yodzera kwathu si yachidule popita kusukulu. Ngati muli ndi mawu nenani, nsapato zisanathe."

Amayi! Inu amene munkatiuza ine ndi Esinati kuti mtsikana wamwambo sayamba kuyankhula? Ndinawerenga kanayi. Ababa anati tsiku limene analandira kalatayo anaphunzitsa masamu m'kalasi ya Chichewa, ana osawauza.

Nditamuuza Esinati pa foni, anakuwa mpaka anzake a mu ofesi anadabwa. Akuti nkhani imeneyi ikangotuluka, ndi chithunzi cha kalatayo, dziko lonse limvera, ndipo chiponde cha chaka chamawa chitha tisanadzale n'komwe. Akunena zoona, zinthu zotere ndi zimene anthu amatumizirana. Ndinawafunsa Ababa maganizo awo. Anapinda kapepalako bwinobwino m'mapindo ake akale, n'kunena kuti kalata si yawo, iwo anangolandira. Ndifunse mwini wake.

Ndiye ndi ine pano ndikufunsa, ngakhale yankho ndikulidziwa. Munakhala zaka zonse zija mukuwasiya Ababa akudzitama pamaso pa alendo, inu mukungomwetulira, chinsinsi chili pansi pa bedi. Si ine woti ndikachiyale pamsika. Ndikulonjeza kuti kalata yanu sidzaona foni. Idzakhala m'sutikesi momwemo, ndipo Felesiya wamng'ono akadzakula ndidzamuwerengera ndekha, chitseko chili chotseka.

Sukulu ikatsekera ndipita ndi Ababa ku Mvera kukaona a Nachisale. Ati ali ndi nkhani zanu zambiri, ndipo Ababa ayamba kale kupukuta nsapato. Foni ndikaisiya m'chikwama. Zimene ndikamve kumeneko ndi zanga.

Takusowani, Amayi, koma pakhomo pano payambanso kumveka phokoso. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike