Tsache la Amai

Lachiwiri, 20 Ogasiti 2024

Mphepo tsiku lonse. Fumbi m'makutu, m'mano, m'kope muno.

A kampani ya zaumoyo ya ku Lusaka afika m'komboni yathu ya Makandanyama. Tenti yoyera pabwalo la tchalitchi, masikipa obiriwira, chithunzi chachikulu cha mwana akuseka pansi pa mtengo. Akuyeza magazi a ana kufuna mtovu, ledi uja wa m'fumbi la mgodi wakale.

Amai anali kumsika ndi tomato wawo, ndiye Lubuto, mwana wawo wotsiriza, ndinapita naye ine. Zaka zitatu. Sanalire pomubaya chala. Anangoyang'ana dontholo.

Nambala yake ya mtovu 58. Nesi wawo, ba Nelly, anaizunguliza ndi cholembera chofiira. Akuti ikapitirira 45 pafunika mankhwala.

Ndinapempha andiyeze nanenso. 33. "Iwe wakula kale," anatero. Sindinafunse tanthauzo lake.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Lubuto wayamba mankhwala. Makapisozi onunkha dzira lowola. Amai amawatsegula n'kusakaniza m'phala. Masiku 19, kwaulere.

Ba Nelly anabwera kudzaona pamene timakhala. Anaima pabwalo nthawi yaitali, maso pansi. Bwalo la amai: lolimba, losalala, mizere ya tsache yowongoka ngati ya m'kope. Ngakhale tsamba limodzi. Amai anaima pambali manja kumbuyo, kudikira kuyamikiridwa.

"Mankhwala achotsa zili m'magazi, koma dothi ili lizibwezanso. Ndipo cholidzutsa ndi tsache lanu, amama."

Amai anaseka. Anayesa ndi nthabwala.

Loweruka, 7 Sepitembala

Lole inabwera ndi dothi lakuda, akuti lochokera kutsidya kwa mtsinje wa Mulungushi. Ine ndi anyamata awiri a kampani tinalimwaza pabwalo ponse ndi wilibala, kuya kwake ngati chikhatho. Pamwamba tinabzala kapinga m'mizere. Kamtengo kamodzi ka chammwamba pafupi ndi geti. Mgolo wabuluu wosungira madzi, dzina la kampani lolembedwa mbali zonse ziwiri.

Nyumba makumi anayi zokha, za ana a nambala yofiira. Kwa a Dailes, kuseri kwa mpanda wathu, ayi. Ana awo ndi akuluakulu.

Pepala la malamulo: thirirani, musasese pouma, sambitsani mwana m'manja. Pansi pake malo a dzina la woyang'anira bwalo. Amai anati alibe nthawi. Ndinalemba langa. Whiteson Daka. Anandipatsa sikipa yofika m'mawondo.

Wa kamera anatijambula katatu. Akuti ndi za lipoti lawo la pachaka, la kusamala chilengedwe ndi umoyo wa anthu. Anauza amai agwire keni yothirira. Munalibe madzi.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Kusanache bwino. Shwe, shwe, shwe.

Ndinasuzumira pawindo. Amai akusesa pakati pa mizere ya kapinga, mosamala, ngati akupesa mwana tsitsi. Dzanja limodzi kumbuyo, msana wowerama. Kamulu ka dothi lakuda pageti.

Ndinalibweza ndi manja ndisanapite kusukulu.

Amai anayamba kusesa ali ndi zaka zisanu, kwawo ku Petauke. Tsiku limene anamwalira atate anasesa kaye, kenako n'kuyamba kulira. Ndinaona ndi maso anga.

Lolemba, 16 Sepitembala

Mankhwala anatha. Nambala yatsopano 36. Ba Nelly anaomba m'manja, Lubuto nayenso anaomba osadziwa chifukwa chake.

Adzamuyezanso pa 12 Novembala. Ikakwera, zonse ziyambiranso, anatero ba Nelly. "Ubongo wa mwana sudikira, Whiteson. Chimene chawonongeka pa msinkhu uwu sichibwerera."

Lubuto amadziwa mawu asanu ndi limodzi. Ndawawerenga. Mdzukulu wa a Dailes wobwera kudzacheza, wamng'ono kwa iye, amatukwana kale ziganizo zathunthu.

Lolemba, 23 Sepitembala

Magetsi kulibe, ndiye pampu sizikoka, ndiye madzi kulibe. Tsiku lachinayi. Mumgolo mwatsala ofika m'chigongono. Kapinga kapena mphika.

Ndikuthirira ndi otsukira mbale ndi amene wasambira Lubuto. Kapinga akununkha sopo.

Tsache ndinalibisa padenga, pansi pa tayala lopsinjira malata. Amai sanandifunse. Anangobwereka la a Dailes.

A Dailes pamwamba pa mpanda: "Amake Waiti, mwayamba kuweta njoka? Nanga mbuzi zodya udzuwu mugula liti?" Amai anaseka nawo kwambiri. Kenako analowa m'nyumba, sanadye.

Masamu 9 pa 40. Mzere umodzi ndinauwerenga kanayi. Kaya ndi 33 ija, kaya ndine basi.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Mwezi wa kolona. Mphakati wathu wa kutchalitchi uzipemphera nyumba ndi nyumba madzulo aliwonse. Kwathu pa 10. Anthu pafupifupi makumi atatu, onse pamphasa pabwalo. Amai ndi wachiwiri kwa wapampando.

Kapinga wachikasu theka. Pena wamera, pena zigamba. Bwalo likuoneka ngati mutu wa mwana wa chipere.

Amai amaima pakhomo n'kumangoliyang'ana.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kuchokera kusukulu, kapinga kulibe.

Khasu latsamira pakhoma. Dothi lakuda launjikidwa kuseri kwa chimbudzi, udzu pamwamba pake mizu ili m'mwamba. Bwalo lakale labwerera, lotuwa, mizere yowongoka. Pakati pake Lubuto wakhala ndi zitsekerero za mabotolo, miyendo mbuu.

"Mawa lokha, tidzabwezera. Anthu a Mulungu akhale m'tchire?" anatero amai. Kenako anawonjezera: "Ambuye ako anagwira mumgodi zaka makumi atatu, anamwalira ali nkhalamba."

Ndinamunyamula Lubuto, n'kumusambitsa m'manja ndi madzi akumwa. Ndinadikira kuti ndikwiye. Sizinabwere.

Kamtengo anakasiya.

Lachinayi, 10 Okutobala

Anabwera onse. Zitenje za mphakati, mphasa zisanu. Azimayi polowa pageti: "Eya, bwalo la amake Waiti ndi ili!" Nkhope ya amai inawala koyamba mwezi wathunthu.

Tikuoneni Maria makumi asanu. Mphepo inkadutsa pansi pa mphasa. Lubuto kuchoka pa miyendo ya uyu kupita pa ya uyo. Chitumbuwa chake chinagwa pansi kawiri. Kawiri konse wina anachitola, kuchipemerera, n'kumubwezera.

Ndinali kumbuyo ndi anyamata. Pakamwa panga pankayankha pokha.

Loweruka, 12 Okutobala

Tabwezera dothi. Amai ananyamula ndi beseni, ine ndi wilibala yobwereka. Silinakwane. Lasakanikirana ndi lakale, sudziwa lakuda ndi liti. Kapinga wauma gwa. Tinamubzalabe.

Lolemba, 28 Okutobala

Bambo wa kampani pa njinga yamoto, foni m'manja. Sanatsike. Anajambula kamtengo ali pageti. "Kamoyo aka. Mwa makumi anayi, 38 ili moyo. Mwachita bwino, mwaiche."

Pafoni yake panali mabokosi ochongamo, bokosi la mtengo ndi bokosi la mgolo. La kapinga sindinalione.

Anafunsa ngati pali vuto. Ine ndine woyang'anira bwalo, dzina langa lili papepala. Akanamva, mwina akanatumiza lole ina. Mwina akanatichotsa pamndandanda. Amai anali kumbuyo kwanga akusankha tomato.

Ndinati palibe.

Lamulungu, 3 Novembala

Kutentha. Mitambo imabwera n'kupitirira.

Shwe, shwe m'mawa uliwonse. Tsopano amawaza kaye madzi ndi dzanja, kapu imodzi bwalo lonse. Tsache lathu analipeza padenga kalekale.

Lubuto wakana chakudya masiku awiri. Akugwira pamimba.

Lachiwiri, 12 Novembala

Tenti yomweyo, chithunzi chomwecho. Lero amai anasiya msika n'kubwera okha. Ine ndinajomba piriyodi ziwiri.

54.

Cholembera chofiira. Ba Nelly sanakalipe. Anavula magulovu pang'onopang'ono n'kufunsa kuti bwalo lili bwanji. Ankayang'ana ine. Anayankha ndi amai.

"Ndinasesa."

Ba Nelly anati si iwo okha. Ngakhale kumene kapinga wagwira, ana ena nambala zakwera; msewu ndi fumbi, mphepo ilibe mpanda. Sindikudziwa ngati ananena zoona kapena ankawachitira chifundo amai. Anati ayesa kupempha lole ina, koma ntchitoyi ikutha mu Disembala, lipoti likatuluka. Za chaka chamawa sanauzidwe.

Makapisozi ena, masiku 19. Amai anawamanga pakona pa chitenje. Tinabwerera kunyumba. Lubuto ali kumsana anagona.

Za bambo wa njinga yamoto sindinauze aliyense.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndinadzuka mochedwa chifukwa panalibe chondidzutsa.

Amai anathyola tsache n'kukolezera mbaula. Ndinapeza likutha kuyaka pansi pa poto wa phala. Masamba a chammwamba ali mbwee pageti. Popita kumsika anawalumpha, dengu pamutu, osayang'ana pansi. Sindinaonepo amai akulumpha tsamba.

Kwa a Dailes shwe, shwe, ngati masiku onse. Fumbi likudutsa m'mipata ya mpanda, likuoneka bwino padzuwa la m'mawa.

Ndikuvala nsapato ndinamva kaphokoso kena, kakang'ono, kumbali kwathu kuno.

Lubuto. Watola timitengo titatu ta tsache timene tinagwa pambali pa mbaula. Wawerama, dzanja limodzi kumbuyo. Akusesa pamene pali pouma kwambiri, pafupi ndi geti, kafumbi kakukwera mpaka kumaso kwake. Mizere yake yowongoka ndithu.

Ndinamuitana. Anatembenuka, n'kuima pambali pa mizereyo manja kumbuyo, kudikira.

Ndinati wakhoza.

Kenako ndinamulanda.