Loko pa Chitseko cha Bambo

Lolemba, 3 Juni

Chatheka. Botolo loyamba latuluka masana, zilembo zowongoka, inki yosafufutika, botolo losapindika. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinapitiriza mpaka katoni inatha, kenako ndinakhala pansi pa simenti.

Mabotolo a zakumwa a masiku ano ndi opyapyala ngati khungu la anyezi. Ukangowapanikiza pa makina osindikizira amapindika. N'chifukwa chake tonse timasindikiza pa pepala n'kumata ndi guluu, pepalalo n'kumatuka likangolowa mufiliji. Kachipangizo kanga kamagwira botolo cham'kati, makina n'kulemba pa pulasitiki penipenipo. Zina zonse sindilemba, ngakhale muno.

Shopu yathu ikufa, tisanamizane. Ntchito zazikulu zonse zikupita kwa a makina atsopano. Kachipangizoka kakakhala kanga mwalamulo, tipuma. Kakapanda kutero, chaka chamawa pano padzakhala pogulitsira matayala.

Bambo anali kutsogolo, pa mpando wawo wa pakhomo, akucheza ndi odutsa. Ndinatsala pang'ono kuthamanga nalo botololo. Ndinaliika m'thumba la ovololo.

Lachitatu, 5 Juni

Kwa loya wa za mapatenti. Kaofesi pamwamba pa sitolo ya nsapato, fani yosazungulira. Mayi wodekha, wosakweza mawu. Akuti patenti ndi chikalata chonena kuti chinthu unayambitsa ndiwe, wina asachipange popanda chilolezo chako. Kugona pakati n'kuyambirira. Koma lamulo lake ndi louma: anthu asachione, asamvenso mmene chimagwirira ntchito, mpaka tsiku limene mapepala alandiridwa. "Chikangomveka kunja, mayi, chasanduka cha aliyense."

Pa benchi panali bambo wina wa imvi atakumbatira mpukutu wa zojambula. Anapanga chombo cha mumlengalenga, chibaluni chachitali chonyamula katundu kupita kumalo opanda misewu. Anakaonetsa kachitsanzo kake pa chionetsero, atolankhani n'kujambula, iye n'kufotokoza zonse mokondwa. Pempho lake linakanidwa, akuti si chatsopanonso. Amabwerabe. Amangomupatsa tiyi. Ndinamuyang'ana nsapato zake, mtima unandiwawa. Chaona mnzako chapita.

Ndafunsa ngati ndingauze munthu mmodzi wa m'banja. Akuti zimatheka, bola akhale wosunga chinsinsi. Ndinaseka mpaka loya anavula magalasi. Bambo anga anzawo amawatchula a Wailesi. Mimba yoyamba ya achemwali, wometa tsitsi anaidziwa alamu asanauzidwe. Sachitira nkhanza ayi. Chimwemwe sichigona m'mimba mwawo, basi.

Pobwerera ndagula loko.

Lachinayi, 6 Juni

Ndakhoma chipinda cha kuseri. Chitseko chimene Bambo anapachika okha ine ndisanabadwe.

Mu shopu muno muli lamulo losalembedwa. Chilichonse chatsopano, kaya chikwangwani, kaya khadi, choyamba kutuluka pa makina chimapita m'manja mwa Bambo. Amachinunkhiza, amachikhula ndi chala chachikulu, amachiunika pa zenera. Akati "Pitiriza," makina amayenda. Akangochiika pa tebulo osanena kanthu, yambiranso. Ndakula choncho kuyambira ndikuima pa kireti kuti ndifikire chogwirira. Sindinaphwanyepo.

Anapeza lokoyo cha m'ma teni. Anagwedeza kawiri. "Kodi muno mwayamba akuba?" Ndati muli katundu wa makasitomala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku mpando wawo akukoka mapazi.

Bodza langa linali losapsa n'komwe.

Lachiwiri, 11 Juni

Loya akufuna zojambula za kachidutswa kalikonse, kalikonse ndi nambala yake. Wojambula wake ndi munthu wosafulumira. Mawa, mawa.

Miyendo ya Bambo yatupa, nsapato zakana. Achemwali anapita nawo kuchipatala. Mtima. Madzi ayamba kulowa m'mapapo. Adokotala akuti asamayende kwambiri, asamade nkhawa. Zina anauza achemwali okha pakhonde, ndipo achemwali abwera maso ali ofiira, ati fumbi.

A Chipewa anabwera madzulo monga mwa masiku onse. Mnzawo wa Bambo kuyambira unyamata, wosindikiza wa msewu wa kuseriku, chipewa sichichoka kumutu. Munthu wabwino. Koma mwana wawo ali ndi shopu yaikulu ndi owotcherera zitsulo oti ukangowafotokozera chinthu m'mawa, madzulo achipanga. Anafunsa kuti kuseriko kukuphikidwa chiyani. Bambo anandiloza ndi chibwano. "Funsani abwana."

Abwana. Ine. Bola akanangonditukwana.

Lachisanu, 14 Juni

Takangana ndi achemwali kukhitchini, monong'ona. "Munthu anakuphunzitsa kugwira sipanala, lero ukumutsekera kunja ngati mbuzi?" Ndafotokoza za lamulo, za bambo wa chibaluni, za mwana wa a Chipewa. Anamvetsera akupukuta mbale imodzi yomweyo. Kenako: "Pepala lidzakudikira, iwe. Iwowa sakudikira."

Ndinayankha mwaukali kuti shopu ikatsekedwa mankhwala agula ndani. Zoona, koma sindinayankhe zimene ananena.

Inki yofiira yatha. Lamba wa makina akale wayamba kung'ambika. Sindinadye.

Lachitatu, 19 Juni

Zojambula zabwezedwa. Nambala ziwiri zasemphana ndi mawu ofotokoza, ndiye zonse zikonzedwenso. Loya akuti sabata yamawa, mwina. Bambo wa chibaluni anali pa benchi pomwe paja. Anandipatsa moni ngati wachibale.

Bambo sakutulukanso pakhomo. Mpando wawo ndaulowetsa chifukwa anthu amangoima n'kuufunsa. Akugona m'chipinda chawo, ndipo khoma lake ndi lomwelo la chipinda cha kuseri. Ndikayatsa makina amamva.

Lero ndikuwapatsa mankhwala anati, maso ali kudenga: "Chinthu chakocho chikudumpha pa kugunda kwachitatu. Mangitsa lamba." Ndinakayang'ana. Lamba analidi wokhwepa.

Sanafunse kuti n'chiyani. Asiya kufunsa. Akamafunsa ndinkatha kupirira.

Loweruka, 22 Juni

Ndawaonetsa.

M'mawa, achemwali ali kumsika. Bambo ndinawakhazika pa mpando wa mu ofesi wa matayala uja n'kuwakankha mpaka pa chitseko. Apepuka, Mulungu wanga. Ndisanatsegule ndinagwada n'kuwauza zonse: lamulo, loya, chibaluni, shopu. Ndinati mawu amodzi okha akatuluka, ntchito yonse yapita m'madzi.

Ndinachotsa lona. Maso awo saonanso bwino, ndiye analowetsa manja. Zala zinayenda pa chitsulo chilichonse, pa sipuling'i, pa kamutu kolowa m'botolo. Pamenepo anaima. Anabwereza. Anaseka pang'ono m'mphuno, kuseka kwa munthu amene wazindikira.

Ndinayatsa makina n'kutulutsa botolo limodzi. Ananunkhiza. Anakhula ndi chala mpaka chinayera. Anati ndiwakankhire pa zenera. Ine mtima uli m'mwamba ngati ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Pitiriza."

Kenako: "Mwana iwe. Mwana iwe!" Misozi mbwembwembwe, botolo ali nalo pachifuwa. Nkhope yawo ndimaidziwa. Inali nkhope ya munthu amene akuwerenga kale m'mutu oti awauze.

Ndinati, Bambo, chonde. Anati, "Ndamva." Ndinawalanda botolo lija mofatsa n'kukhomanso.

Sindinawakhulupirire. Ndilembe zoona. Ndasangalala kuti aona, ndipo ndikuopa.

Lamulungu, 23 Juni

A Chipewa akhala m'chipinda mwa Bambo masana onse, chitseko chotseka. Ndinamva mawu a Bambo akupita, akupita, osapumira, ngati kale. Kenako zii. Potuluka a Chipewa anandiona pa khonde, n'kuyang'ana pansi, n'kudutsa osanditsanzika.

Basi. Zatuluka. Tsiku limodzi lokha!

Ndakwiya. Ndikudzikwiyira ndekha koposa, poti ndinkadziwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndinafuna patenti, ndinafunanso "Pitiriza."

Madzulo Bambo anaitanitsa madzi. Ndinawapatsa nditayang'ana kukhoma. Anati khala pang'ono. Ndinati ndili ndi ntchito.

Lachitatu, 26 Juni

Anthu akungobwera kudzazonda. Wometa tsitsi. Wogulitsa mapepala. Wokonza mawotchi wa pa kona. Aliyense amalowa, Bambo amalankhula, amatuluka n'kundiyang'ana ndi maso achilendo, ofewa. Palibe akufunsa za kuseri. Kale ankafunsa tsiku ndi tsiku. Wodziwa kale safunsa.

Ndinadutsa dala pa shopu ya mwana wa a Chipewa. Moto wowotcherera uli thethethe mkati. Mwina ndi geti la munthu. Mwina ayi. Ndinaima kutsidya kwa msewu ngati chitsiru mpaka wanjinga anandiimbira belu.

Ndamuuza loya kuti ndinaonetsa bambo anga. Anati tifulumire, ndipo tipemphere kuti mmene chimagwirira sizinamveke. Wojambula uja loya wamukalipira pa foni ine ndili pomwepo.

Kunyumba ndikuchita zonse zofunika. Mankhwala, madzi, kutembenuza pilo. Mawu ochepa. Achemwali akuti nkhope yanga ikuwawa kuposa mapilitsi.

Lachisanu, 28 Juni

Ndasaina. Mapepala akalowa Lolemba ofesi ya mapatenti ikatsegulidwa.

Bambo akupuma movutika. Alendo tawaletsa. Ndinawauza za Lolemba, anagwedeza mutu. Anafuna kunena kanthu, chifuwa chinawatsekereza. Anandigwira dzanja. Ndinalisiya m'dzanja mwawo, koma sindinafinye. Mtima wanga ndi wouma ngati wa ndani, sindikudziwa. Amayi sanali choncho.

Loweruka, 6 Julayi

Bambo anatisiya Lamulungu m'mawa, dzuwa litangoyamba kuwala pa zenera. Achemwali anali nawo. Ine ndinali kuseri, ndikupukuta makina.

Tinawaika Lachitatu. Anthu anali ambiri moti msewu unatsekeka. Osindikiza onse anabwera, ena inki ili m'zikhadabo.

Mapepala analowa Lolemba. Loya anatumiza uthenga pa foni, ndinauona Lachinayi. Alandiridwa, tsiku ladindidwa. Akuti kuyambira pano ndikhoza kuonetsa aliyense, zotsala ndi kudikira kuti aunike.

Sindinamve kanthu. Masilipasi a Bambo akadali pansi pa bedi.

Lolemba, 8 Julayi

Ndatsegula shopu. Palibe chochita china.

A Chipewa anafika cha kum'mawa, chipewa chili m'manja. Mutu wawo ndinali ndisanauonepo, ndi wa dazi. Anakana kukhala. Anati, "Usataye mtima, mwanawe. Bambo ako anatiuza zonse."

Ndinagwira tebulo.

Akuti anawauza kuti makina anga a kuseri anakanika. Kuti amangophwanya mabotolo, inki n'kumwazika, ndipo loko uja ndinaika chifukwa cha manyazi. Kuti palibe choti munthu akaone kumeneko, ndi zitsulo zakutha basi. Anawapempha kuti asandifunse, asasuzumire, auzenso mwana wawo asiye kununkhiza. Wometa tsitsi anauzidwa zomwezo. Wogulitsa mapepala zomwezo. Wa mawotchi zomwezo. Aliyense amene analowa m'chipinda muja.

"Anati, mwana wanga wayesetsa, koma mutu wa zimenezi alibe." A Chipewa akuti ponena mawu amenewo Bambo analira. Akuti zaka zonse zimene anadziwana sanawaonepo akuvutika kutulutsa mawu chonchija, ngati akumeza minga. Iwo anaganiza kuti ndi chisoni cha kholo.

Munthu amene ankaimitsa basi kuti auze dalaivala kuti mwana wake wakonza jenereta. Anagwira chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndinapangapo, anachimvetsa ndi zala zake, n'kutha sabata yake yomaliza akuuza anzake onse kuti ndine wolephera. Kukhala chete sakanatha, amadzidziwa. Ndiye analankhula, tsiku ndi tsiku, mpaka mpweya unatha.

Ine ndikuwapatsa madzi nditayang'ana kukhoma.

A Chipewa anapitiriza mwaulemu kuti shopu ikavuta, kwa mwana wawo kuli malo, poti manja ndili nawo ngakhale zinazo zinakanika. Anaima pamenepo akudikira yankho. Kiyi ali m'thumba mwanga, chitseko chili apo. Palibenso lamulo londiletsa. Ndikanangoti bwerani muone.

Kiyi sindinamutulutse. Ndinati zikomo, ndiganizira. Anavala chipewa n'kupita.

Ndikhoza kuuza dziko lonse tsopano, koma sindikudziwa poyambira. M'nyumba muno wodziwa kulengeza anali mmodzi.