Ndamasula Nsalu Ija

Mvurwi
14 Juni 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Macheke ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Kuno kwazizira, koma ine ndi amuna anga a Nobert tili bwino.

Amayi, musakwiye. Nsalu yobiriwira ija munanditumizira kuti ndizimangira mimba a folomani asaone, ndamasula. Ndinakumverani, ndinkamanga tsiku lililonse monga amachitira azimayi onse pa pulazi ya fodya pano. Koma sabata yatha Lestina, mnzanga amene timasankha naye fodya pa tebulo limodzi, anakomoka m'shedi. Pomumasula tinapeza wamanga nsalu ziwiri. Anapita padera.

Nditapita kukamuona ku kiliniki, anesi anaona mmene ndinkapumira, nandiitanira pambali. Anati malamulo a dziko lino amaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba, ndipo mayi ali ndi ufulu wopuma miyezi itatu akulandira malipiro. Ndinawapempha abwereze kuti ndisaphonye mawu.

Lolemba ndinalowa m'shedi osamanga. Azimayi onse anasiya fodya n'kumandiyang'ana. A Reason, folomani wathu, anafika.

"Iwe Filesi, wameza dzungu? Pano si pachipatala. Tenga chikho chako uzipita."

Mukundidziwa Amayi, ngakhale kutchalitchi ndimaimbira kukhosi. Koma ndinati, "Baba, mundilembere papepala kuti mwandichotsa chifukwa cha mimba. Ndikalionetse ku ofesi ya zantchito ku Bindura."

Anaseka, n'kunditchula dzina lotinyozera ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. "Mubhurandaya, lamulo lako lili ku Malawi!"

"Mchombo wanga uli m'komboni muno, Baba. Lamulo ndi langanso."

Sanalembe. Anangondisamutsira pa tebulo la pakhomo pomwe pamawomba mphepo, n'kunena kuti abwana, eni pulazi, agamula Lachisanu. Akandichotsa, nyumba ya m'komboni itha kupitanso. A Nobert sakudya bwino, koma anena kuti ku Bindura tipitira limodzi. Dzulo Yvonne, mnzathu wa m'shedi, amene palibe amene ankadziwa kuti ndi woyembekezera, nayenso anabwera osamanga. Tsopano pa tebulo la mphepo tilipo awiri.

Ndikudziwa munatibereka tonse mukumanga, kuti tisagone ndi njala. Sindikukunyozani. Koma ine sindimanganso, ngakhale Lachisanu litaipa.

Mundiperekere moni kwa amalume Adriano, ndipo mumupempherere Lestina. Nsalu yanu ndachapa, ndaipinda bwino m'sutikesi. Mudzaiona mu Sepitembala, ndikuberekera mdzukulu wanu kumsana. Panopa akugunda momasuka m'mimbamu, ndiye moni wakewo.

Ndine mwana wanu,
Filesi