Atate Avula Chithumwa

Akulu anga ba Yohane,

Moni kuchokera kuno ku Chinyunyu. Muli bwanji ku Kitweko? Ife tilipo, kungoti amai akudandaula miyendo.

Mukudziwa kuti chimwalirire mlongo wathu Tisa, atate sanavulepo chithumwa chija m'chiuno, poopa kulodzedwa. Pa Sabata anaimirira m'tchalitchi nachipereka kwa abusa. Anati, "Ndatopa nako kuopa. Ndipempherereni, Mulungu andikhululukire." Tinagwada tonse, abusa anapemphera, kenako anakachitentha panja.

Mvula sinabwerebe, tikudya chimanga chachikasu chathandizo. Koma dzulo atate anatenga khasu napita okha kumunda wakumtsinje, komwe analeka kupondako chaka chatha.

Mutitumizireko mbewu, akufuna kubzala. Ambuye akusungeni pamodzi ndi alamu.

Ine mng'ono wanu,
Lazaro