Tayala la Sipeya Padenga

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu. Kuno ku Hopley tonse tili bwino, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Loweruka tikuperekeza Chipo wathu ku ukwati wake, tayala la galimoto yathu linaphulika pa msewu wa Willowvale. Amuna anga anaimika galimoto bwinobwino, kutchinga matayala ndi miyala, n'kukweza jeke. Atatsegula buti, tayala la sipeya munalibe. Ndinafunsa kuti, "Bambo a Chipo, lili kuti?" Anayankha motsitsa mawu kuti, "Lili padenga, likupsinja malata." Analikweza komweko mphepo itavuta, n'kuiwala. Mkwatibwi anakafika kutchalitchi pa kombi, minibasi ya kuno, velo ili m'manja, akungoseka.

Tayalalo ndalitsitsa ndekha, labwerera m'buti. Mutipempherere mphepo ichedweko, chifukwa dengalo likudikirabe njerwa zopsinjira malata. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati