Mbale Yofiira pa Tebulo la Mayi Teo

Toa Payoh, Singapore

Okondedwa achemwali anga a Siew Ling,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kwathu ku Kampar? Bondo la ababa likuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kupatula miyendo imene ikutupa ndi kuimirira kuchipatala, ndi eni nyumba amene ayambanso kudandaula kuti ndimachedwa kubafa. Koma zisiyeni zimenezo, khalani kaye pansi.

Lamlungu lapitali ndinakaonana ndi mayi Teo, amayi ake a Boon Kiat, mnyamata ndinakuuzani uja. Mantha anali atandigwira. Iye anandichenjezeratu kuti mayi ake akakana munthu ndiye kuti zatha, ndipo sangakwatire mkazi amene iwo sakumufuna. Mayiwo amagulitsa kwetiau wokazinga, chakudya cha ufa wa mpunga chonga supageti, pamsika wa zakudya wa kuno, choncho tinapangana kuti tikakumane komweko masana.

Ndinafika msanga, Boon Kiat asanatulukire. Ndinaika kapaketi ka tishu patebulo, anthu adziwe kuti malowo ali ndi mwini, kenako ndinati ndichenjere: ndigule chakudya chawo, adzandipeze ndikudya ndi kuyamikira. Boon Kiat anangondiuza kuti okala yawo ili pafupi ndi masitepe. Kufikapo, maokala a kwetiau alipo awiri, ogundana! Ndiye ndinachita zimene aliyense kuno amachita osaganiza n'komwe, ndinaima pamzere wautaliwo.

Achemwali, chakudya chimene chija! Fungo la utsi wa chiwaya, dzira, tinkhono, tsabola wake woluma bwino. Ndinaiwaliratu kuti ndabwera kudzayesedwa.

Boon Kiat atafika n'kuona mbale yanga, nkhope yake inagwa. Anandinong'oneza kuti mbale za mayi ake ndi zobiriwira. Zofiira ndi za mng'ono wawo, mayi Geok, ndipo awiriwa sayankhulana chimwalirireni bambo wawo, aliyense akuti ndiye anatengera dzanja la malemuwo pa chiwaya. Kunyumba kwawo ngakhale dzina lenilenilo silitchulidwa. Ankati abise mbaleyo pansi pa tebulo, koma mayi anali atafika kale, akupukuta manja pa epuloni.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mbale. "Boon Kiat, ndiye mkazi wako uja ameneyu? Maso ake amaona bwinobwino?"

Ine ndi kupusa kwanga ndinapepesa kuti ndinangotsata mzere wautali. Boon Kiat anagwira mutu.

"Oo, mzere wautali eti?" anatero mokweza, mpaka a tebulo loyandikana anasiya kutafuna. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mumtima ndinali nditayamba kale kutsanzikana ndi ukwati.

Kenako anakhala pansi, n'kundilanda timitengo todyera m'manja. Analawa. "Wachulutsabe mafuta mwana ameneyu. Samva kuyambira kale." Anatapanso, n'kutapanso, mpaka mbale inayera. M'maso munalengeza misozi, iwo n'kumanamizira tsabola. Anati kwa zaka zonsezi akhala akufuna kudziwa ngati mng'ono wawo akuphikabe moyenera, koma akanatuma ndani, poti ana awo onse amadziwika? Ine poti ndine mlendo, ndipite ndikagule mbale ina, ndipo ndikanene kuti mafuta achepe.

Ndinakaimanso pamzere. Mayi Geok sanadikire n'komwe kuti ndimalize kuyankhula. Anathira mafuta omwe aja, n'kuwonjezera dzira lina. "Amene wakutumayo ukamuuze kuti bambo ankathira chonchi. Ndipo adye, waonda."

Nditapereka uthengawo, mayi Teo anafwenthera kumbali, koma dziralo anadya. Atamaliza anatola kapaketi kanga ka tishu kaja patebulo, n'kukaika pamiyendo panga, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Wawona? Apa ndasungitsa. Aliyense wofuna kukhalapo adzayambe wafunsa ine."

Achemwali, ndinalira pamsika, anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi! Ndine wosangalala moti kuntchito akundifunsa ngati ndadwala.

Tsono pempho langa ndi ili. Mayi Teo akufuna aonane ndi makolo athu pa Chaka Chatsopano, patebulo lomwe lija. Amayi savuta, koma ababa mukuwadziwa, adzayamba za bondo ndi kutalika kwa ulendo wa basi. Inu amakumverani. Chonde anyengerereni, muwauze kuti khofi wa kuno si woipa monga amanenera. Chokhacho muwachenjeze onse: akafika pa masitepe, mbale zobiriwira.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi ababa, kwa alamu anga, kwa azakhali ndi kwa tiana tanu tonse. Katishu kaja sindinatsegule. Kali m'chikwama, ndipo ngakhale chimfine chindigwire bwanji, sindikakhudza.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Siew Kuan